Benchi yoimba ya pa chionetsero: ine ndi amalume tasemphana

NaMwale_Mabvuku
Moni akuluakulu ndi anzanga nonse. Ndabwera ndi mtolo, mundithandize kutula. Ndapatsidwa malo pa chionetsero cha zaluso chimene chidzatsegulidwe m'tauni muno mu Harare, ku Zimbabwe, mu Okutobala ndipo chidzatha milungu isanu ndi umodzi. Tilipo anthu angapo, aliyense wauzidwa kupanga katundu wa m'nyumba, kaya mpando, tebulo kapena kabati, koma akhale woti wodzaona amukhudze, amukhalire, katunduyo n'kumuyankha. Mukudziwa kuti malo oterewa mlonda amakutsata ndi maso kuti usagwire kanthu. Apa akufuna anthu agwire.

Ine ndaganiza benchi yotalika mamita awiri, yoti munthu akakhalapo izilira nyimbo ya sansi. Pansi pa thabwa ndimafuna kuika kachipangizo kozindikira kulemera kwa munthu, kolumikiza ku Arduino (kakompyuta kakang'ono koyendetsa zipangizo) ndi kasipika. Wopala matabwa ndi amalume anga, alongo awo a mayi, amene akhala ku Glen View 8, msika wa akalipentala, zaka zambirimbiri. Vuto ndi lakuti akana. Akuti m'thabwa lawo la mlombwa simudutsa waya, ndikafuna wailesi ndikagule wailesi. Milungu iwiri tsopano tikungopatsana moni basi. Ndalama zonse ndi madola 600 a ku America, zogulira matabwa ndi zonyamulira zomwe. Ndifune kalipentala wina kapena ndisinthe ganizo?

Waya_Waya
Achemwali, za mawayazo n'zosavuta. Pezani sikelo yakale ija anthu amadziyezera kulemera m'nyumba, muiphwasule. M'makona mwake muli tizitsulo tinayi tozindikira kulemera. Timeneto mulumikize ku kabodi ka HX711 kowerenga kulemerako, kenako ku Arduino. Nyimbo muike pa memory card mu DFPlayer Mini, kachipangizo koimba nyimbo kochepa ngati chikhadabo cha chala chachikulu. Zonsezi zimadya 5V basi. Madola 40 sangathe. Amalumewo angoboola kabowo kamodzi, enawo ndimaliza ine.

Jere_Highfield
Magetsi akapita benchi izidzayimba chiyani? Kapena mudzaika jenereta pansi pake kuti iziyimba besi?

Waya_Waya
Power bank, a Jere. Tili mu zaka ziti kodi?

NaPhiri_Mufakose
Nanga wotchaja power bankyo m'mawa uliwonse kwa milungu isanu ndi umodzi ndani? Ndikufunsa ngati mphunzitsi. Chaka chatha ndinatenga ana a giredi 5 kupita nawo ku chionetsero china, sinditchula malo. Panali kabokosi kokongola koti ukaika dzanja kamalankhula. Ife tinapita mlungu wachitatu, tinapeza pamatidwa pepala loti chawonongeka. Ana 42 anaima pamzere kuyang'ana pepala. Chimene anasangalala nacho tsiku limenelo ndi masitepe a pakhomo, kudumphadumpha mpaka basi kubwera.

Mwana wanga NaMwale, chilichonse chimene mupange muyese chonchi: ana khumi achikwere nthawi imodzi, wina adumphepo, wina alowetse chala paliponse pamene pali mpata, wina ayese kuchotsa kanthu kuti akaonetse amake. Chikapulumuka pamenepo ndiye chakonzeka.

Che_Bawo
Inu mukuvutikiranji? Katundu woyankha munthu tinali naye kale makompyuta asanabwere. Bawo. Maenje 32, mizere inayi, nkhomo 64. Semani tebulo la bawo ndi timipando tiwiri, muone ngati anthu adzachokepo. Pa Mbare ife timayamba 10 koloko m'mawa, kudzidzimuka dzuwa lalowa. Anzathu achishona ali ndi tsoro yawo, sadzasowa poyambira.

NaPhiri_Mufakose
Che Bawo, pofika Lachisanu nkhomo 64 zidzatsala 9. Zina m'matumba, imodzi m'mphuno mwa mwana wa munthu.

Che_Bawo
Mayi, gulani malambe pa Mbare Musika, amene kuno amati mawuyu. Nthanga zake n'zambiri, zikasowa simulira.

NaMwale_Mabvuku
Bawo ndinaliganizira, Che Bawo, koma mnzanga wina pa chionetsero chomwecho akupanga kale tebulo la tsoro. Tingaoneke ngati tinaonerana mayeso.

Dziva_Extension
Ine ndikuona kuti benchi yokha siionetsa kuti wapanga ndi mwana wa kwathu. Semani nkhope za gule poyedzamira msanapo. Azungu amakonda zimenezo, mwinanso adzaigula. Munthu akakhala maso a chilombo aziyaka.

Mkulu_Tafara
Mnyamata iwe, unameta?

Dziva_Extension
Ayi bambo, koma gule timamuona tonse pa maliro ndi pa zikondwerero. Ngakhale UNESCO inamulemba mu 2005 kuti ndi chuma cha dziko lonse lapansi. Chobisa n'chiyani?

Mkulu_Tafara
Kumuona pabwalo ndi kumukhalira ndi matako ndi zinthu ziwiri. UNESCO inalemba kuti asungidwe, sinalembe kuti asanduke choyedzamira cha munthu amene watopa ndi kuyenda. Kuno tavutika kale mokwanira. Ana a eni dziko amakula akuuzidwa kuti zvigure, mmene amatchulira gule kuno, zimaba ana, zimamenya anthu m'misewu. Ife takhala zaka tikufotokoza kuti ndi mwambo wa maliro ndi chinamwali, uli ndi eni ake ndi malamulo ake. Ndiye lero mwana wathu yemwe aike maso a magetsi pa chilombo? Za kudambwe zisiyeni kudambwe. Sindilankhulanso pa nkhani imeneyi.

Area25_LL
Ndikuwerenga kuno ku Lilongwe. Bambo a ku Tafara akunena zoona, komabe ku Mua, pa Kungoni, pamene anayambitsa Bambo Claude Boucher mu 1976, zigoba za gule zilipo zambiri mu nyumba yosungiramo zakale ya Chamare ndipo alendo amalowa kukaona. Kusiyana kwake n'kwakuti kumeneko anakhala pansi ndi eni mwambo zaka zambiri, ndipo palibe amene amazikhalira. Mukafuna chinthu chakwathu chokhalira, bwanji mipando ija ya matabwa awiri olowetsana imene amagulitsa m'mbali mwa msewu ku Dedza ndi ku Liwonde? Ilibe msomali ngakhale umodzi, mlendo amaimanga yekha.

Woyang'anira_Gulu
Za gule zithere pamenepo, abale. Mwini funso sanafunse zimenezo. Tibwerere ku benchi.

MwanaWaMthandizi
Ine funso langa ndi lina, ndipo mundikhululukire mphwanga ngati ndaponda pachilonda. Pa kapepala kamene adzamate pakhoma pafupi ndi benchiyo padzalembedwa dzina la ndani?

Ndikufunsa chifukwa nkhani imeneyi ndi yakale m'dziko lino. Agogo anga anabwera ndi Mthandizi, bungwe lija lolemba anthu ntchito, kudzalima fodya m'mafamu, ankati akupita ku Halale, ndipo sanabwerere, anatchona. Pamene Ian Smith, mtsogoleri wa boma la azungu, analengeza ufulu wake mu 1965 mayiko n'kuyamba kukana fodya wa Rhodesia (Zimbabwe ya lero), mlimi wina wa kufupi ndi Guruve, Tom Blomefield, anaona kuti famu ikugwa. Pamalo pake panali mwala wa serpentine. Mu 1966 antchito ake anayamba kusema, ndiye kubadwa kwa Tengenenge, mudzi wa osema ziboliboli zamiyala, kumeneko. Antchitowo anali ndani? Ambiri anali anthu athu, ochokera ku Malawi, Zambia, Mozambique ndi Angola. Lemon Moses anali wa ku Malawi. Makolo a Josiah Manzi anali Ayao a ku Malawi. Fanizani Akuda, uja wa tianthu toimba mluzu ta maso ong'ambika pakati, anali Mchewa wobadwira ku Zambia. Koma pitani kunja mukafunse, akuuzani kuti zonsezo ndi ziboliboli za Chishona. Mtundu wathu unamezedwa m'dzina la eni dziko. Chimene chinawapulumutsa anthu amenewa ndi chimodzi: mwala uliwonse unkadziwika wosema wake. Pakanapanda zimenezo bwenzi lero tikungoti antchito a pa famu ya mzungu.

Ndiye ndikubwerezanso. Amalume alembedwa pati?

NaMwale_Mabvuku
Achimwene, mwandigwira pakhosi. Fomu imene anatipatsa inali ndi mzere umodzi wa dzina la mwini ntchito. Ndinalemba langa. M'munsi munali pofunsa zipangizo, ndinalemba mlombwa, chitsulo, mawaya. Amalume sindinawalembe paliponse. Sikuti ndi mwano, ndimangoona ngati ganizo ndi langa, iwo ndiwalipira ntchito yawo monga kasitomala aliyense.

Jere_Highfield
Mlombwa walembedwa, wopala mlombwa ayi. Thabwa laposa malume.

Waya_Waya
Koma tisamupanikize mwana. Kulikonse zimatero. Wojambula pulani ya nyumba ndi amene amatchuka, osati woumba njerwa. Ganizo ndilo limagulitsa.

MwanaWaMthandizi
Woumba njerwa sakuuza kuti pulani yako igwa. Amalumewa akana waya, kutanthauza kuti ali ndi maganizo pa kapangidwe. Munthu amene ali ndi mphamvu yokana ndi mnzako pa ntchito, si waganyu.

NaBanda_Epworth
Nkhani ya maina imandiwawa ine. Mayi anga anabadwira pa famu ku Mazowe, sanapondeko ku Malawi ngakhale tsiku limodzi, koma chitupa chawo chinalembedwa kuti alien, kutanthauza mlendo, mpaka imvi. Malamulo a dziko a 2013 ndi amene ananena kuti wobadwira muno, kholo lake lochokera m'dziko la SADC, ndi nzika. Tinakasintha chitupa ali ndi zaka 61. Atachilandira anachiyang'ana nthawi yaitali osalankhula, kenako anati tiye tikagule mabanzi.

Dziva_Extension
Ife kusukulu ankatitcha mabhurandaya. Ndinadziwa ndili fomu 2 kuti mawuwa akuchokera ku Blantyre, mzinda weniweni wokhala ndi misewu ndi mabanki. Ndinkayesa ndi matenda.

Che_Bawo
Hahaha, matenda ake osapola.

Woyang'anira_Gulu
Abale, benchi.

Njinga_Magaba
Ndakhala chete chifukwa ndimajambula papepala la simenti. Ine ndimakonza njinga ndi mawilibala pa Magaba, za Arduino sindizidziwa. Koma ndikufunsa: n'chifukwa chiyani sipika iziyimba sansi pamene benchi yomweyo ikhoza kukhala sansi?

Tamverani. Benchi ikhale bokosi lalitali lopanda kanthu m'kati, monga chipanda chimene oimba mbira amaikamo kuti mawu akule. Pakati, pakati pa malo awiri okhala, mukhomere mano a sansi enieni achitsulo, oti munthu aziliza ndi chala. Tsopano nayi nkhani. Pansi pa manowo pakhale kathabwa komatidwa labala wa chubu, kogwira mano kuti asalire. Malo okhala aliwonse akhale pa sipuling'i, munthu akakhala azitsika pang'ono, sentimita imodzi yokha, n'kukoka kebulo ya buleki ya njinga. Makebulo awiriwo amangidwe kunsonga ziwiri za kachitsulo kopendekeka. Akakhala munthu mmodzi kachitsuloko kangopendekeka, labala sachoka, mano angoti thi thi ngati ukugogoda chitseko. Akakhala awiri kachitsulo katsika konse, labala achoka, sansi ilira.

Palibe batire, palibe chotchaja. Kebulo ikaduka, wokonza njinga aliyense mu Harare aisintha pa mphindi khumi.

NaPhiri_Mufakose
Eee! Ndiye kuti wobwera yekha ayenera kupempha mlendo kuti akhale naye?

Njinga_Magaba
Ndi pamene pali sewero pamenepo, mayi. M'kombi timapanikizana anayi pa mpando osalankhulana. Apa uyenera kutsegula pakamwa.

Mkulu_Tafara
Kali kokha n'kanyama, tili tiwiri n'tianthu. Dzina la benchi lapezeka, musavutike.

Waya_Waya
Ndavula chipewa, koma ndili ndi mafunso. Mwana wa makilogalamu 20 ndi bambo wa makilogalamu 110 atsitsa mpando mofanana? Sipuling'i yofewa yoti mwana aitsitse, bamboyo aiphwanya. Ndi tizitsulo tija tozindikira kulemera ndikanangosintha nambala mu pulogalamu.

Njinga_Magaba
Sipuling'i ikhale yofewa, koma pansi pake pakhale chipika choimitsa. Mpando ukatsika sentimita imodzi wafika pa chipika, kulemera konse kwapita m'miyendo ya benchi. Sipuling'i sinyamula munthu, ntchito yake ndi kubweza mpando basi. Buleki ya njinga imagwira chimodzimodzi kaya wakwera ndi mwana kaya ndi wonyamula matumba a makala.

NaPhiri_Mufakose
Sentimita imodziyo ndi imene ikundiopsa. Ndi mpata wokwanira chala cha mwana. Wina akalowetsa chala mnzake n'kukhala, mudzamva nyimbo ina. Mutseke m'mbali monse, mpata ukhale m'kati mosafikika. Komanso mano a sansi musawasiye akuthwa. Ndipo ganizirani wa pa njinga ya olumala amene sangasamukire pa benchi: manowo akhale poti akhoza kuwafikira ali kutsogolo, anzake awiri atakhala.

Sansi_22
Za mano ndisiyireni. Ndimasula mbira ku Chitungwiza, bambo anga anali a ku Nsanje. Waya wabwino ndi wa masipuling'i a sofa zakale, ndipo ku Glen View amangotayidwa. Umawongola, n'kusula pa chitsulo cha njanji mpaka kunsonga kuphwatalale, kenako kukwecha ndi fayilo kuti chala chisachekeke. Masipoko a njinga amagwiranso koma mawu ake ndi ang'ono. Dzino likatalika mawu amatsika, likafupika amakwera, ndiye kuchuna kwake ndi kungolikankha kapena kulikoka pansi pa mtanda wopanikiza.

Langizo langa: musaike mano 22 ngati mbira dzavadzimu, mbira ija ya Ashona. Wosadziwa adzangosokoneza. Ikani asanu ndi atatu mbali iyi, asanu ndi atatu mbali inayo, ochunidwa moti lililonse limene ungakhudze ligwirizane ndi la mnzako. Tizitsekerero ta mabotolo tiwiri kapena titatu pa bokosi kuti pazimveka kunjenjemera kuja. Ndipo pa kapepala ka pakhoma mulembe kuti mu 2020 UNESCO inalemba luso lopanga ndi kuimba mbira ndi sansi m'dzina la mayiko awiri pamodzi, Malawi ndi Zimbabwe. Anthu ambiri kuno sadziwa kuti tinalembedwa limodzi.

MwanaWaMthandizi
Ndiye kapepala kaja kakutalika. NaMwale, amalume, wa njinga, wosula mano.

Jere_Highfield
Ine mundilembe kuti wofunsa za magetsi.

NaMwale_Mabvuku
Ndawerenga katatu. Manja akunjenjemera. Ganizo ili laposa langa, ndivomere. Chimene chikundiluma n'chakuti ndinaphunzira zaka zitatu kujambula mipando pa kompyuta, lero ndagonja kwa pepala la simenti. A Njinga, a Sansi, ndikufunani nonse. Koma ndiyambira pati ndi amalume? Mwina akananso. Mukawadziwa, ndi munthu woti akati ayi, ngakhale mfumu ibwere.

Sompho_Wakale
Yambira pa kundifunsa, mphwanga. Ndili m'gulu muno chiyambire, unandilowetsa ndi iwe wemwe chaka cha maliro a agogo ako.

Jere_Highfield
Mayo ine! Thawani!

Che_Bawo
Nkhomo zadyedwa zonse, bawo latha.

NaMwale_Mabvuku
Amalume, pepani. Sindimadziwa kuti mumawerenga.

Sompho_Wakale
Ndimawerenga, kulemba ndiko kumandivuta, zala ndi zazikulu. Akundilembera ndi mnyamata wanga wa pa shedi.

Waya sindidana naye. Makabati a TV ndimaboola tsiku ndi tsiku. Fomu ija unaiiwala pa benchi langa lopalira tsiku lija unabwera ndi zojambula, ndinaiwerenga. Sindinakwiye kwambiri. Masofa anga ali m'masitolo a m'tauni ndi zikwangwani za anthu ena, ndinazolowera. Moto wapsereza misika yathu ya Glen View kangapo, ndataya makina ndi matabwa, dzina pa pepala si chinthu chondigonetsa ndi njala. Koma ndinati mwana wa mlongo wanga akanditenga ngati makina, ndiye makinawo akane kuyaka aone.

Chachiwiri, nyimbo ya m'kasipika ndi zala za munthu wina amene kulibe. Wokhala pa benchi sanachite kanthu, wangokhala. Agogo ako aamuna ankaliza sansi pa khonde ku Mabvuku akaweruka, yopanga okha ndi masipoko. Iwe unali usanabadwe. Ukanandifunsa ndikanakuuza.

Tsopano za ntchito. Wa njingayo mutu wake ndi wabwino, koma bokosi lonse la mlombwa silingalire bwino, ndi lolemera, ndiponso madola ako sangakwane. Mlombwa, umene kuno amati mukwa, tiuike pa miyendo, pa mafelemu ndi pa mipando iwiri yotsikayo, chifukwa sufufuma kapena kuuma kwambiri nyengo ikasintha. Mukutsegula mu Okutobala kouma, mutseka mvula itayamba mu Novembala. Thabwa wamba lidzafufuma, mpando n'kukanirira osatsika. Ndili ndi zitseko ziwiri zakale za mlombwa zochokera m'nyumba ina imene ankagwetsa, zauma zaka zoposa zako. Pamimba pa bokosi tiika paini wopyapyala kuti mawu atuluke. Msinkhu masentimita 45 kuchoka pansi. Vanishi ayi, amang'ambika anthu akamakhalira, tipaka mafuta a linseed ndi phula. Za zala za ana mayi aphunzitsi anena zoona, ndiika mlomo wa thabwa wophimba mpata.

Ndalama yanga ya ntchito tikambirana kunyumba, osati pano pa anthu.

NaMwale_Mabvuku
Ndamva amalume, zikomo. Ndalembera kale a chionetsero kuti asinthe fomu. Ayankha kuti maina anayi ndi ambiri pa kapepala, akufuna dzina limodzi la gulu. Ndawauza kuti achepetse zilembo.

MwanaWaMthandizi
Usagonje pamenepo. Dzina la gulu ndi mmene anthu amasowera. Ndipo mugwirizane lero, polemba, kuti benchi ikagulidwa ndalama zigawidwa bwanji, komanso wina akafuna yachiwiri mwini pulani ndani. Ubale umatha pa ndalama imene simunaiyembekezere.

Sansi_22
Ine yanga ndi yosavuta: mundilipire mano, ndipo mundilole ndizibwera Loweruka lililonse kudzachuna. Ana akamakoka amasuntha.

Dziva_Extension
Zonyamula ndithandiza, ndili ndi kabakki, kagalimoto konyamula katundu. Mafuta okha. Bambo a ku Tafara, pepani za dzana zija.

Mkulu_Tafara
Zatha mwana wanga. Udzandinyamule tsiku lotsegulira, ndikufuna ndikakhalepo ndione amene adzayerekeze kukhala nane.

Waya_Waya
Amalume, pempho limodzi lokha. Kababu kamodzi ka LED pansi pa benchi, koyaka anthu awiri akakhala. Waya wake ndi woonda ngati ulusi, simudzauona n'komwe.

Sompho_Wakale
Ayi.

Mphwanga, Loweruka 7 koloko pa shedi. Wa njinga abwere ndi makebulo awiri ndi pepala lake la simenti lija. Iwe ubwere ndi tepi yoyezera imene unabwereka mu Epulo.